Lamulungu Loyamba la Adventi, Chaka A: Zikondwerero Zopanda Mowa

Mawu a Mulungu: Yesaya 2:1-5, Aroma 13:11-14, Mateyo 24:37-44

Lero Eklezia wayamba chaka chatsopano. M'tchalitchi nsalu zobiriwira zachotsedwa, ndipo kwatsala masabata anayi kuti akhristu aimbe nyimbo za kubadwa kwa Mpulumutsi. Kunja nako kukonzekera kwayamba. Mu msika wa Balaka ndi pa Liwonde amalonda aonjeza katundu. Ana amene ali ku Joni ayamba kutumiza ndalama, ena akulongedza zikwama. M'mabanja ambiri mwayamba kukambidwa za tsiku la Khrisimasi ndi la Chaka Chatsopano: mbuzi idzagulidwa kwa yani, mpunga udzakhala wochuluka bwanji, ana adzavala chiyani. Pamndandanda womwewo, kawirikawiri mosakambirana n'komwe, pamakhalanso mowa.

Mawu amene awerengedwa lero akugwa pa mndandanda umenewu. Paulo Woyera akuuza akhristu a ku Roma kuti nthawi yogona yatha, kunja kuli pafupi kucha, ndipo mwa zinthu zimene akuti munthu azivule ngati chovala cha usiku, akuyambira pa maphwando a dyera ndi kuledzera. Mu Mthenga Wabwino Ambuye Yesu akukumbutsa za anthu a nthawi ya Nowa. Kudya, kumwa ndi kukwatira kumene anthu aja ankachita sikunali tchimo pakokha. Cholakwa chawo n'chakuti zinawadzaza mtima mpaka sanazindikire kanthu, chigumula n'kuwapeza ali chomwecho. Adventi ndi nyengo yokhala maso, ndipo palibe chimene chimatseka maso a munthu msanga kuposa mowa.

Khrisimasi ya mabanja ambiri

Palibe mkhristu wa m'parishi muno amene sadziwa mmene tsiku la 25 Disembala limathera m'nyumba zina. M'mawa banja lonse lili ku Misa, ana atavala zatsopano. Masana nsima ndi mpunga zapsa. Ikamakwana 3 koloko bambo atuluka, akuti akukaona anzawo pang'ono. Usiku abwera atanyamulidwa pa kabaza, foni itatayika, m'thumba mulibe kanthu. Mayi akafunsa, yankho limakhala chibakera. Ana amene m'mawa amaimba za Mwana wa ku Betelehemu amagona atadzipanikiza kukhoma, kumvetsera ngati phokoso latha. Pali ana amene nyimbo za Khrisimasi zikayamba kumveka pa wailesi amachita mantha, chifukwa akudziwa chimene chikubwera.

Ndalama zimene zimathera pa mowa mu Disembala zili ndi ntchito yake kale. Uno ndi mwezi wodzala ndi wothira feteleza. Mu Januwale sukulu zimatsegulidwa, ndipo fizi, yunifolomu ndi makope zimafunika nthawi imodzi. Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi imene chimanga chimatha m'nkhokwe, mtengo wake n'kukwera pa msika, makamaka kuno kumene mvula imavuta kawirikawiri. Mnyamata amene wagwira ntchito chaka chathunthu ku Johannesburg, kugona mothinana ndi anzake m'kachipinda kamodzi kuti asunge ndalama, akhoza kumwaza thukuta lake lonse m'masabata awiri pogulira mowa anthu amene sadzamuthandiza ngakhale ndalama ya basi yobwererera. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pamsewu napo pamaoneka zomwezo. Msewu wochokera pa Chingeni kudutsa m'tauni ya Balaka mpaka ku Liwonde, ndi wina wopita ku Ntaja, imadzaza ndi maminibasi, njinga zamoto ndi anthu oyenda pansi. Dalaivala amene wamwa mabotolo awiri amadziona ngati ali bwinobwino, koma mowa umachedwetsa maso ndi manja, ndipo umamupatsa kulimba mtima kopitirira galimoto ina pamalo osayenera. Anamwino a pachipatala cha boma cha Balaka ndi cha Machinga ku Liwonde sadya Khrisimasi ndi ana awo mwamtendere, chifukwa amakhala akusoka mabala. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2290, amaphunzitsa kuti munthu amene aika moyo wake ndi wa anzake pachiswe pamsewu chifukwa cha kuledzera kapena liwiro ali ndi mlandu waukulu pamaso pa Mulungu.

Masiku ano a kuyamba kwa Adventi amakumananso ndi masiku 16 olimbana ndi nkhanza za m'banja, kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala, komanso tsiku lokumbukira matenda a Edzi pa 1 Disembala. Mowa suli kutali ndi nkhani ziwirizi. Munthu woledzera amachita zimene sakanachita ali bwino, amaiwala lonjezo la ukwati wake, ndipo amene ali pa mankhwala a ma ARV amaiwala kumwa pa nthawi yake.

Boma linayesapo mbali yake. Mu 2015 linaletsa mowa wa m'masacheti umene ana asukulu ankaubisa m'matumba a yunifolomu, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Malamulo amaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Komabe mowa womwe uja unabwereranso m'timabotolo totchipa, ndipo kachasu akutchezedwabe kuseri kwa nyumba zambiri. Lamulo la boma lili ndi polekezera. Silingalowe pa phwando la ubatizo kukaona amene akutuma mwana wa zaka khumi kukagula botolo. Pamenepo pamafunika chikumbumtima cha mkhristu.

Zimene zinachitika ku Hippo

Vuto limeneli Eklezia wa mu Africa anakumana nalo kalekale. Mawu a Paulo amene awerengedwa lero ndi omwe anatembenuza Augustino Woyera. M'chaka cha 386, ali m'munda wina ku Milan, atatopa ndi moyo wake wosadziletsa, anatsegula buku la makalata a Paulo, maso ake n'kugwera pa ndime yomweyi ya Aroma 13. Kuyambira tsiku limenelo moyo wake unasintha.

Patapita zaka zisanu ndi zinayi, mu 395, Augustino anali wansembe mumzinda wa Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Akhristu a kumeneko anali ndi mwambo wokumbukira Leontius Woyera, episkopi wawo wakale, ndi phwando limene ankalitcha Laetitia, kutanthauza kuti Chimwemwe. Phwandolo linkachitikira m'tchalitchi momwemo, ndipo linkatha anthu ataledzera. Augustino anatsimikiza kuti chaka chimenecho zisachitike. Analalika za Ambuye Yesu akutulutsa amalonda m'Nyumba ya Mulungu, n'kufunsa anthu ngati Ambuye amene anakwiya ndi malonda akanalekerera kuledzera pamalo opempherera. Anthu analira, iyenso analira nawo.

Koma m'mawa wa tsiku la phwando ena anayamba kung'ung'udza. Funso lawo ndi lomwe limamvekanso lero m'miphakati: bwanji aletse tsopano, kodi makolo amene ankalola mwambowu sanali akhristu? Augustino sanawakalipire. Anawafotokozera kuti mazunzo a Eklezia atatha, anthu ambirimbiri analowa Chikhristu atazolowera kumwa pa maphwando a milungu yawo, ndipo atsogoleri a nthawi imeneyo anawalekerera kwa kanthawi kuti asabwerere m'mbuyo. Chimene chinaloledwa chifukwa cha kufooka kwa oyamba kumene sichiyenera kukhala mpaka muyaya. Madzulo a tsikulo tchalitchi linadzaza kuposa m'mawa, anthu akumva Mawu a Mulungu ndi kuimba masalimo, uku phokoso la omwa likumveka kuchokera ku tchalitchi cha gulu lina lopatuka chapafupi. Augustino analemba zonsezi m'kalata yopita kwa bwenzi lake Alypius.

Mayi ake, Monika Woyera, amene Amayi Achikatolika amamukonda kwambiri, nayenso anali ndi mbiri yake. Ali mtsikana ankatumidwa kukatunga vinyo wa pa nyumba. Anayamba ndi kungolawa kumlomo, tsiku ndi tsiku n'kumaonjezera, mpaka anafika pomwa pafupifupi chikho chodzaza. Chinamuleketsa ndi wantchito wa pa nyumbapo amene pokangana anamutcha chidakwa. Mawuwo anamulasa, ndipo anasiya. Atakula, atatsatira mwana wake ku Milan, anapita ku manda a anthu oyera ndi dengu la chakudya ndi vinyo monga ankachitira kwawo. Wapakhomo anamubweza, nati Episkopi Ambrosio analetsa mwambowo chifukwa unkapereka mpata kwa oledzera. Monika sankaledzera, komabe anamvera mosanyinyirika, ndipo zimene ankapita nazo ku manda anayamba kupatsa osauka.

Nanga ku Kana?

Nkhani ya mowa ikayamba, sipalephera kupezeka wina wokumbutsa za ukwati wa ku Kana, kumene Ambuye anasandutsa madzi kukhala vinyo. Funsoli ndi loyenera kuyankhidwa moona. Eklezia Katolika saphunzitsa kuti chakumwa chilichonse choledzeretsa ndi tchimo pachokha. Nsembe ya Misa imaperekedwa ndi mkate ndi vinyo. Paulo yemweyo analangiza Timoteo kuti azimwa vinyo pang'ono chifukwa cha vuto la m'mimba. Chimene Eklezia amatcha tchimo ndi kuledzera, ndipo chimene amafuna kwa ana ake ndi kudziletsa.

Komabe pa Aroma 14 Paulo akupitirira pamenepo. Akuti ndi bwino munthu kusiya ngakhale chinthu chololedwa ngati chikugwetsa mbale wake. Apa ndi pamene pagona nkhani ya zikondwerero. Pa phwando la banja kapena la mphakati pamakhala anthu amene mwini phwando sadziwa nkhondo zawo. Pali bambo amene watha miyezi inayi osamwa, ndipo botolo limodzi lokha likhoza kumubweza kumene anachoka. Pali mnyamata wa Fomu 2 amene adzalawa koyamba tsiku limenelo chifukwa akulu onse atanganidwa. Pali dalaivala amene adzanyamula alendo pobwerera. Pali mayi amene akumwetulira koma akuwerenga mabotolo amene mwamuna wake watsegula. Mwini phwando amene amamwa mwaulemu akhoza kunena kuti iye alibe vuto, ndipo n'zoona. Koma chikondi chimamufunsa za anthu anayi aja.

Ku Kana Ambuye anapulumutsa banja latsopano ku manyazi, ndipo ophunzira ake anamukhulupirira. Phwando limene limatha ndi ndewu, mkwati akulira, ankhoswe akuleretsa, silingabisale kuseri kwa Kana. Ndipo munthu amene Adventi imamuika patsogolo, Yohane Mbatizi, mngelo ananeneratu asanabadwe kuti sadzamwa vinyo kapena choledzeretsa chilichonse, koma adzadzazidwa ndi Mzimu Woyera. Amene anakonza njira ya Ambuye anaikonza ali ndi mutu wabwino.

Phwando likhoza kukoma popanda mowa

Ambiri amaopa kuti phwando lopanda mowa lidzazizira, alendo adzachoka msanga, ndipo anthu adzati mwini wake ndi woumira. Akhristu a ku Balaka ndi Machinga ali ndi yankho pafupi. Anansi awo achisilamu, ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe ndi m'tauni momwe muno, amakondwerera Idi ndi mpunga, nyama, zovala zatsopano ndi kuyenderana, ndipo pa mphasa pawo sipaikidwa mowa. Palibe amene amati Idi ndi yozizira. Akhristu ambiri anaitanidwako ndipo anabwerako atakhuta ndi okondwa. Pamene banja lachikhristu liitana anansi omwewo ku ukwati kapena ku Khrisimasi, phwando lopanda mowa limawalola kukhala mpaka kumapeto mosamangika.

Dera lino silisowa zokometsera phwando. Disembala ndi nyengo ya mango. Malambe ndi bwemba zimapanga chakumwa chimene ana ndi akulu omwe amachikonda. Thobwa wa chimera cha mawere kapena mapira, wophikidwa dzulo lake n'kumwedwa asanasase, wakhala akulandira alendo kuyambira kale. Pali mpunga wa ku madambo a Chilwa, nkhuku ya lokolo, chambo ndi matemba. Ndalama ya makireti awiri a mowa ikhoza kuonjezera ndiwo kuti aliyense adye mokwanira, n'kutsalako ya mbale ya agogo oyandikana nawo amene alibe wowaphikira. M'buku la Nehemiya, mutu 8, anthu atamva Malamulo a Mulungu anauzidwa kuti apite akadye zonona, akamwe zotsekemera, ndipo atumizeko gawo kwa amene sanakonze kanthu. Chikondwerero cha m'Baibulo chimayezedwa ndi anthu amene afikiridwa nacho.

Kuvina nakonso sikudalira botolo. Balaka ndi kwawo kwa Alleluya Band, gulu limene linabadwira pa parishi ndipo lavinitsa dziko lonse. Makwaya a m'miphakati amatha kuimba usiku wonse wa Khrisimasi atamwa tiyi yekha. Achinyamata akapatsidwa mpata wokonza sewero la kubadwa kwa Ambuye, mpikisano wa mpira, kapena ulendo wokaona odwala m'chipatala pa 26 Disembala, sasowa chochita masana a chikondwerero. Ambiri amapita kumalo omwera mowa chifukwa Misa ikatha, parishi ndi mabanja sanawakonzere china chilichonse.

Zimenezi zikukhudzanso zikondwerero za chaka chonse: ubatizo, Ukaristia woyamba, Ulimbitso, chinkhoswe, ukwati, kutuluka kwa anamwali, kumanga chiliza. Mwana amene walandira Ambuye koyamba m'mawa, madzulo n'kuona omuimira pa ubatizo akudzandira, waphunzira katekisimu wachiwiri amene amafafaniza woyamba uja. M'mera mpoyamba. Makomiti a ukwati akhoza kugwirizana kuyambira pa msonkhano woyamba kuti pa bajeti sipakhala mowa, n'kulemba pa khadi loitanira kuti aliyense adziwiretu. Miphakati ikhoza kupangana kuti chikondwerero chilichonse chochitika m'dzina la Mpingo chikhale chopanda mowa. Banja limodzi likachita lokha limanyozedwa, koma mabanja khumi akachitira pamodzi umasanduka mwambo.

Amene agwidwa kale, ndi amene amadyera momwemo

Mawu a lero asasanduke mwala wogendera ena. M'parishi muno muli amayi, ambiri mwa iwo amasiye, amene aphunzitsa ana ndi ndalama ya kachasu. Kuwaloza chala pa Misa n'kosavuta. Chovuta, chimenenso ndi ntchito ya mphakati, ndi kukhala nawo pansi, kuwalowetsa mu banki ya m'mudzi, ndi kuwathandiza kupeza mpamba wa geni ina. Banja limene laganiza zochita phwando lopanda mowa likhoza kuyamba pomwepo: kupatsa mayi yemweyo oda ya thobwa, mandasi kapena zitumbuwa.

Mulinso abale amene mowa unawamanga, amene analonjeza kambirimbiri kuti asiya koma n'kubwereranso. Amenewa akudwala, ndipo kunyozedwa sikuchiza. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, akasiya mwadzidzidzi akhoza kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kukomoka, ndipo zimenezi zikhoza kupha. Ayenera kuyamba wapita kuchipatala kuti athandizidwe kusiya bwino. Chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza anthu otere. Sakramenti la Kulapa ndi chithandizo cha dokotala zimayendera limodzi.

Eklezia ali ndi chitsanzo chowalimbitsa mtima. Matt Talbot anabadwira ku Dublin m'dziko la Ireland mu 1856, ndipo anayamba kumwa ali ndi zaka pafupifupi 12. Malipiro ake onse ankathera ku mowa, mpaka ankapinyolitsa nsapato. Tsiku lina mu 1884, alibe ndalama, anaima pakhomo la malo omwera kudikira kuti anzake amugulire. Onse anamudutsa. Anapita kwa wansembe, n'kulonjeza kusiya mowa kwa miyezi itatu yokha. Miyezi itatuyo inali yowawa, koma ankapita ku Misa m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Anakhala zaka 41 osamwanso mpaka imfa yake mu 1925, ndipo mu 1975 Papa Paulo VI anavomereza kuti anakhala moyo wa ungwiro wapadera. Mumzinda womwewo, mu 1898, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti, Bambo James Cullen, anayambitsa bungwe la Pioneer, la anthu osiyiratu mowa chifukwa chokonda Mtima Woyera wa Yesu. Ambiri olowa bungweli sanakhalepo zidakwa. Amasiya mowa ngati nsembe yopempherera ena amene akulephera.

Masabata anayi

Matt Talbot anayamba ndi miyezi itatu. Adventi ikupempha zochepa kuposa pamenepo. Kuyambira lero mpaka pa 1 Januwale, tsiku la Maria Amayi a Mulungu, ndi masabata anayi ndi masiku owerengeka. Mkhristu aliyense amene amamwa, kaya pang'ono kaya kwambiri, akhoza kupereka masiku amenewa kwa Mulungu, n'kutchula mumtima dzina la munthu mmodzi amene akumuperekera nsembeyo. Ndalama imene ikanagula mowa iikidwe padera, ndipo banja likhale pansi kugwirizana ntchito yake, kaya ndi feteleza, kaya ndi fizi, kaya ndi thumba la ufa la mnansi. Amene aona kuti sangathe ngakhale sabata imodzi, wadziwa choona chimene amachithawa, ndipo khomo la ansembe ndi la atsogoleri a mphakati ndi lotsegula.

Mneneri Yesaya waona anthu akusula malupanga awo kuti akhale makasu. Ku Balaka ndi ku Machinga, kumene khasu lili m'manja mwezi uno, chithunzichi n'chosavuta kumva: chimene chimavulaza banja chisandulike chodyetsa banja. Ambuye amene akubwera apeze atate ali pakhomo, amayi ali ndi mtendere, ndi ana akugona opanda mantha usiku wa kubadwa kwake. Amayi Maria, Yohane Mbatizi, Monika ndi Augustino Oyera apempherere mabanja onse a parishi ino. Amen.